Ndinakadzineneza Ndekha ku Balaki

Khalani pansi, asilikali anzanga opuma, ndi inu azimayi amene mumatipirira. Ba tcheyamani andipatsa mphindi zochepa, koma sajeni sapatsidwa mphindi, amatenga yekha. Amene simundidziwa, ndine Laki, mwini chigayo chija cha pamseu waukulu kuno ku Chinyunyu, kuseri kwa ogulitsa makala. Ena mumandidziwa ndi dzina lina, lija munkanditchula ndikamadutsa ndikudzandira: Sajeni Kaloba. Musagwetse nkhope, ndinkamva. Lero ndikamba ndekha nkhani imene munkakamba kumbali, ndipo sindinabwere kudzapempha chifundo kwa munthu.

Ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka imvi zitayamba. Nditapuma, dzina langa linatsala pa rizevu. Kwa inu amene simunavalepo jombo, rizevu ndi kupuma kosapuma. Uli kumudzi, ukulima, ukuchita malonda ako, koma tsiku limene dziko lakufuna, foni imalira ndipo umanyamuka. Ndalama zanga zopumira sindinadyere m'mabala ngati ena amene sindiwatchula chifukwa ali pompano. Ndinagula chigayo. Mchere wa m'nyumba, sukulu ya mwana wathu Tisa, mankhwala a apongozi ku Mpanshya, zonse zinkachokera pa injini imodzi ija. Ine ndinali makanika wake, mkazi wanga amake Tisa ndiye ankalandira anthu ndi kusunga ndalama.

Kutatsala pang'ono kukolola, injini inafa. Nonse mukudziwa kuti chigayo chimadya nthawi yokolola, ukaphonya pamenepo waphonya chaka. Zitsulo zake zinali ku Lusaka, ndipo m'thumba munalibe. Ndiye ndinapita kwa munthu uja wa shopu ya pamseu amene timamutcha Ba Chikwama. Dzina lake lenileni sinditchula, amene munapitako mukumudziwa. Munthu wosekerera, amakupatsa mpando, amakutcha bwana mkubwa. Anandipatsa kaloba, nkhongole ija yoti mwezi ukatha umabweza ndi theka pamwamba, ukalephera chiwongoladzanja chimabereka ana akenso. Chikole chinali chigayo. Kenaka anatambasula dzanja nati, "Ba Sajeni, kadi ya ku banki na namba yake musiye kuno. Ni lamulo la pano chabe, bonse bamasiya." Ndinasiya. Ndinkati mwezi umodzi wogaya ndithana naye.

Chakudza sichiimba ng'oma. Zitsulo zili m'katoni, ndisanamange ngakhale bawuti imodzi, foni inalira. Anatiitana ife a rizevu kukathandiza kumalire, kutchire kumene netiweki umaipeza utakwera pachulu. Msilikali sauza dziko kuti yambani mwadikira ndili ndi injini. Ndinanyamuka, ndipo sindichita nazo manyazi, akaitananso mawa ndipita. Kukolola kunadutsa ndili kumeneko, dzuwa la Okutobala linatipsereza kumeneko, mvula inatipeza komweko. Amake Tisa anayesa kuitana makanika wina wa pamseu, anangoonjezera matenda. Za kadi sindinawauze.

Ndinabwerako mtima uli m'malo, chifukwa ndalama zonse za ntchito ija zinkalowa ku banki. Ndinkawerengera kuti ndilipira Chikwama, zotsala ndimanga injini. Nditafika pashopu anandipatsa mpando womwe uja, nandiuza akusekerera kuti zonse zimene zinkalowa ankatapa mwezi ndi mwezi, koma zinkangokwanira chiwongoladzanja. Nkhongole yeniyeni inali chiimire, ndipo inali itanenepa. Penshoni yanga, malipiro a miyezi yonse ndinagona pansi kutchire, zonse zinapita. Ndinaimirira, magazi atakwera kumutu. Iye sanagwedezeke. Anangotsitsa mawu nati, "Ba Sajeni, ine sinikonda ndeo. Koma njira ya ku balaki niiziwa. Nizayenda nikaonane na bakulu banu."

Inu anthu wamba mungaseke, koma asilikali muno mukudziwa kulemera kwa mawu akuti balaki, kumene kumakhala mabwana athu a usilikali. Ife tinaleredwa kuti dzina lako lisafike pa desiki la bwana pa nkhani ya nkhongole. Tinkaona anzathu akuvulidwa chisoti ndi lamba, akuguba kulowa mu ofesi, gulu lonse likuyang'ana. Ndinaganiza kuti andichotsa pa rizevu, andidula penshoni, dzina langa aliwerenga pa perete. Ine amene ndinagonapo m'tchire mikango ikulira, ndinachita mantha pamaso pa munthu wogulitsa sopo ndi mabisiketi. Ndinakhalanso pampando uja nkunena kuti, "Chonde, ku balaki kokha musapite."

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka msanga. Ndinagulitsa mbuzi za amake Tisa, ndalama kwa Chikwama. Njinga, kwa Chikwama. Malata amene tinagula kuti tifolere nyumba, kwa Chikwama. Ndinakatenga kaloba ina kuti ndilipire kaloba iyi. Akangotchula balaki, ine ndinkathamanga kukafuna choti ndigulitse. Kachasu ndinkayamba m'mawa mame asanaume, masana munkandipeza ndili gone pa masaka opanda kanthu m'chigayo chakufa. Tisa anamuthamangitsa kusukulu chifukwa chosalipira, ine ndinamva kwa anthu. Tsiku lina anyamata a Chikwama anabwera ndi galimoto kudzatenga sikelo, mipando ya m'nyumba ndi diramu la dizilo. Analibe pepala la khoti, analibe wapolisi, analibe chilichonse. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawathandiza kukweza. Ine mwini, ndinagwira mbali imodzi ya mpando wanga nkuuika m'galimoto, mkazi wanga akuyang'ana ali pakhomo. Pamenepo ndiye pansi penipeni, abale anga, kunsi kwake kulibenso.

Manje mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene zinatembenukira.

M'mawa wina ndili khale pa mwala kuseri kwa chigayo, mutu ukuwawa, amake Tisa anabwera. Sanabwere ndi mkwiyo. Akanakalipa ndikanadziwa choyankha. Anaima patsogolo panga atavala chitenge chawo cha kutchalitchi ndi nsapato za paulendo.

Anati, "Atate ake Tisa, Chikwama watuma mau. Pa Chisanu abwera kumasula injini."

Anasendera pafupi, napitiriza.

"Nifuna muniuze chintu chimozi. Uja muntu mumamuyopa chifukwa chani?"

Ndinati, "Azakanineneza ku balaki."

"Akakunenezani, bazakuchitani chani?"

Ndinayamba kuti mwina penshoni, mwina dzina, mwina chakuti. Iwo anandidula.

"Mwina? Mbuzi zanga zinayenda pa mwina? Mwana ali panyumba pa mwina? Munafunsako kuli bandani kuti ndiye vamene vimachitika?"

Zoona, sindinafunseko munthu. Ndinangonyamula mantha a pamene ndinali mnyamata wophunzira usilikali ku depoti nkukalamba nawo. Kenaka anamanga chitenge bwino nkunena mawu amene anandichotsa mowa wonse m'mutu: "Ngati nkani ni yakuti bakulu banu basamve, ine niyenda nikabauze neka. Ndalama ya basi nabweleka kuli amai busa. Chikwama sazatenga chigayo changa na nkani yamene ningakambe na pakamwa panga."

Asilikali, mukundimva? Kunenezedwa ndi wa kaloba ndi manyazi. Koma mkazi wako kukaima pa geti la balaki kuti ndabwera kudzaneneza amuna anga, imeneyo amaimba nyimbo mpaka adzukulu ako. Ndinaimirira, ndinati bweretsani ndalamayo kuno. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinasamba, ndinameta, ndinapukuta nsapato zimene zinali zitachita nkhungu. Amake Tisa sanandikhulupirire, anandiperekeza mpaka pamseu, anaima mpaka minibasi itanyamuka ine ndili m'kati.

Njira yonse ya ku Lusaka ndinkafuna kutsika. Pa Chongwe ndinagwira chitseko, kondakitala anati, "Mudala, mwalipila mpaka tauni, nkalani pansi." Ndinakhala.

Nditafika ku ofesi imene imaona za ife a rizevu, ndinachita mwambo wonse ndekha. Munthu wa mlandu salowa kwa bwana ndi chisoti kapena lamba, ndiye ndinavula chipewa changa pakhomo, ndinamasula lamba, ndinazipereka kwa kalaliki. Kalaliki anafunsa kuti wokuperekezani ali kuti, wokuimbani mlandu ndani. Ndinati ndine ndemwe. Ndinadzigubitsa ndekha, kumanzere kumanja, kumanzere kumanja, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe chifukwa ndinali nditaonda. Ndinaima njo patsogolo pa desiki. Pampando panali Ba Meja, mayi wamfupi wa magalasi, msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Sajeni, ndani wakupatsani mlandu?"

"Nazipasa neka, madamu. Nili na nkongole ya kaloba. Kadi yanga ya ku banki ili na muntu. Namwa moba, nagulisa katundu ya mkazi wanga. Nabwela muniweluze mweka, uja muntu akalibe kufika kuno."

Ine ndinkadikira kuti denga ligwe. Ba Meja anavula magalasi nati, "Kalaliki, mubwezeleni lamba uyu mudala buluku isatigwele muno. Sajeni, nkalani pansi."

Musaganize kuti anandisisita. Anandikalipira mpaka makutu anatentha. Anati kupereka kadi ndi namba yake ndi uchitsiru umene sayembekezera kwa rikuruti wongolowa kumene usilikali, nanji sajeni. Anati msilikali amene ali ndi nkhongole yobisa ndi amene amawaopsa, chifukwa munthu wotere aliyense angamugule, koma amene wabwera yekha kudzanena, ameneyo amathandizika. Ndinafunsa za penshoni. Anati, "Muntu wa shopu alibe mpamvu pa penshoni yanu. Mpamvu yamene ali nayo ni ija munamupasa mweka pa kauntala." Ndinafunsa kuti nanga wa shopuyo akabwera kuno? Anati abwere, tidzamuonetsa njira ya kukhoti, kuno si kotolera nkhongole.

Abale anga, ndinalira. Sajeni wa imvi, pamaso pa mwana wamkazi. Sindinalire chifukwa cha chisoni, ndinalira ndi ukali. Mbuzi, njinga, malata, sukulu ya mwana, ulemu wanga, zonse ndinapereka kuti nditseke chitseko chimene nditachitsegula ndekha munalibe chilombo.

Ba Meja anandilembera kalata yotsimikiza kuti miyezi yonse ija ndinali pa ntchito ya dziko, nanditumiza kwa maloya amene amathandiza anthu osauka popanda kulipira. Ndinayamba ndapita ku banki. Sindinaname kuti kadi yatayika, ndinanena zoona kuti ili ndi wa kaloba. Anaitseka pomwepo, anandipangira ina, ndipo anandisindikizira pepala loonetsa ndalama zonse zimene zinatapidwa. Loya amene ndinamupeza anandiuza zinthu zimene ndikanazidziwa kale sindikanagwira mpando uja. Anati nkhongole si mlandu wa kuselo. Anati munthu sangabwere ndi anyamata ake kudzanyamula katundu pakhomo pako popanda khoti kulamula. Anati khoti lili ndi mphamvu yoyang'ana chiwongoladzanja chankhanza, ndiponso lingalole munthu kulipira pang'onopang'ono. Ndinamufunsa za kulengezedwa kuti wagwa, zija amati bankirapusi, chifukwa ndinkamva kuti zimafafaniza nkhongole. Anati njirayo ilipo, koma ndi yolemera, katundu wako amakhala m'manja mwa ena ndipo dzina limamangika, ndiye si yothamangira. Anati ine sindinafike pamenepo, ndinangofika pa mantha.

Lachisanu linakwana. Dzuwa litakwera, galimoto inaima pa chigayo, Chikwama ali kutsogolo, anyamata ali kumbuyo ndi masipanala. Anandipeza nditakhala pamwamba pa injini, nditavala malaya oyera, amake Tisa ataima pambali panga. Ogulitsa makala anasiya masaka awo kubwera kudzaonerera.

Chikwama anatsika akusekerera. "Bwana mkubwa, selukani tisebenze."

Ndinati, "Pepala ya koti ili kuti?"

Kumwetulira kunachepa. "Ba Sajeni, mwaibala? Kapena mufuna niyende ku balaki?"

Mawu amene anandigwetsa chaka chathunthu. Ndinawamva akulowa m'khutu, koma ulendo uno sanandiopse. Ndinati, "Nachokako. Nabauza vonse neka, na moba, na mbuzi, na kadi. Bakuyembekezani. Ofesi yachibili ku manja, mufunse Ba Meja. Ngati ya basi mulibe, amake Tisa bazakubwelekani, kulibe na intalesiti."

Ogulitsa makala anaseka mpaka wina anakhala pansi. Chikwama anauza anyamata kuti masulani. Ine sindinakweze dzanja, ndipo ichi muchimve bwino inu a mitima yapachala: ukamenya munthu, nkhani ya nkhongole imasanduka ya polisi, ndipo wapambana ndi iye. Ndinangoti amene akhudze bawuti imodzi popanda pepala la khoti, dzina lake ndikalipereka ku polisi ngati wakuba, ndipo mboni ndi izi zadzaza pano. Anyamata anayang'anana, wina anaponya sipanala m'galimoto nati iye anangolembedwa ganyu yonyamula. Anabwerera opanda kanthu, fumbi lokha.

Nkhani inapita kukhoti, ndipo sinathe tsiku limodzi. Tinapita, tinabwerera, tinapitanso, ndalama za basi zikutipweteka. Majisitireti anaona pepala la ku banki, anaona kalata ya Ba Meja, anafunsa Chikwama mafunso amene sanawayankhe akusekerera. Chiwongoladzanja chija anachidula, zimene anatapa anaziwerengera, kotsala anandilamula kulipira mwezi ndi mwezi monga ndingathere. Chigayo chinatsala. Sindinatuluke woyera ayi, nkhongole ndinatengadi, ndipo ndikulipirabe mpaka lero. Mbuzi sizinabwerere. Koma ndimalipira nditaimirira, ndipo risiti ndimalandira.

Injini ndinaimanga ndi manja angawa, akunjenjemera chifukwa chosiya kachasu. Kusiya mowa sikunali kwa tsiku limodzi, ndinagwako kawiri, amake Tisa ndi abusa akudziwa. Wa kaloba wachiwiri, wogulitsa dizilo amene ndinali naye nkhongole, ndi mlamu wanga amene ndinamukongolanso ndalama, ndinawaitana onse pamodzi masana, ndinawauza chimene ndili nacho ndi chimene ndilibe. Mlamu anati azigayitsa ulere mpaka zithe. Tisa anabwerera kusukulu, anabwereza kalasi, ndipo chimenecho chimandiwawa kuposa mbuzi.

Ndiye inu amene muli m'dzenje limene ndinalimo, ndikuuzani monga sajeni, osati monga m'busa. Kadi yako ndi mfuti yako, susiyira munthu. Ngati ili kale kwa wina, mawa ukaitseke ku banki. Mkazi wako adziwe nkhongole iliyonse, chifukwa tsiku limene foni ilira, amene atsale ndi moto ndi iye. Akakuitana ku ntchito uli ndi nkhongole, usanyamuke mwakachetechete ngati ine. Uza akulu ako, uza amene unamukongola pamaso pa mboni, zilembedwe kuti wapita ku ntchito ya dziko. Ndipo wina akakuopseza kuti akakuneneza, mutsogolere iweyo, ukafike iye asanafike.

Ndimamva kuti kumayiko ena kuli lamulo loti msilikali wa rizevu akaitanidwa, nkhongole zake zimayamba zaima, palibe womulanda katundu kufikira atabwerako. Kuno ine sindinalione. Ngati lilipo, atiuze, ngati kulibe, tilifune. Ba tcheyamani, mulembe zimenezo, tikazipereke kwa aphungu athu, ndipo ndidzapita nawo ndine. Munthu sangakhale akulondera malire a dziko pamene kumbuyo wina akumumasulira injini. Sitikupempha kuti atikhululukire nkhongole, tidzalipira. Tikuti chiwongoladzanja chisamagube pamene ife tikugubira dziko.

Ena muno maso anu ali pansi. Ndikudziwa kuti m'zikwama zanu muli chitupa chokha, kadi mulibe. Sindikuitanani kutsogolo, sindikuuzani kuti mukweze dzanja, manyazi a msilikali ndimawadziwa. Tamverani uko kumseu. Mukukumva kugunda uko? Ndi chigayo changa chimenecho, amake Tisa ali okha ndi mzere wa anthu, ndipo ndikachedwa pano mlandu wake ulibe loya. Ndikupita. Amene kadi yake ili kwa Chikwama, atenge kathumba ka chimanga anditsatire ngati wodzagayitsa. Ukafika undiuze kukhutu. Injini ija imasokosa kwambiri, palibe wina adzamve.